Mwana wasankha History ndi Geography ku Grade 10, ndisayine fomuyi?

Nachisale, Rosettenville

Moni nonse abale anga a kuno ku Joni. Ndili ndi mtsikana wa Grade 9 pa sukulu ya boma. Wabwera ndi fomu yosankhira maphunziro a Grade 10, ndipo akuti ibwerere kusukulu teremu ino isanathe. Iye walembapo History, Geography ndi Life Sciences, ndipo pa masamu wachonga Maths Literacy. Pa lipoti lapitali Social Sciences anapeza 74, Chingerezi 66, masamu 52, koma Afrikaans 31, chifukwa pulayimale anaphunzira kumudzi, sukulu ya kuno wayambira Grade 8. Achibale ena akuti ndisalole, ati History ndi Geography ndi kothawirako ana ofooka ndipo mapeto ake ndi kusowa ntchito. Inu amene mukuwadziwa bwino maphunzirowa, ndithandizeni. Kodi amatsekadi khomo la ku yunivesite? Muli zotani m'kati mwake? Nanga zitavuta n'kubwerera kumudzi, angakapitirize bwanji?

Phiri, Braamfontein

Mayi Nachisale, musasayine kaye. Koma chimene chandidetsa nkhawa pa fomuyo si History kapena Geography ayi, ndi kabokosi ka masamu kaja.

Kuyambira Grade 10 mpaka Grade 12 mwana amatenga maphunziro 7. Anayi ndi okakamiza: zilankhulo ziwiri, china pa mulingo wa Home Language china pa First Additional Language, kenako masamu, omwe ndi Mathematics kapena Maths Literacy, ndi Life Orientation. Atatu otsalawo amasankha yekha, ndipo lililonse mwa atatuwa limapatsidwa maola 4 pa sabata, kaya ndi History kaya ndi Physical Sciences. Kuti apeze Bachelor's pass, imene imamulola kufunsira digiri, afunika 50% kapena kuposa pa maphunziro anayi, osawerengera Life Orientation, 40% pa Home Language, ndi 30% pa chilankhulo chophunzirira. Pa kuwerengera kumeneku 50 ya History ndi yofanana ndi 50 ya phunziro lina lililonse. Kale kunali mndandanda wa maphunziro okhawo owerengedwa pa Bachelor's pass, unathetsedwa mu 2018, koma ngakhale nthawi imeneyo History ndi Geography zinalimo.

Mayunivesite amasandutsa malikisi kukhala mapointi olowera, otchedwa APS. Kuyambira 80 mpaka 100 ndi level 7, m'ma 70 ndi level 6, m'ma 60 ndi level 5, kumatsika choncho. University of Johannesburg (UJ) imaphatikiza maphunziro 6 n'kusiya Life Orientation. Yunivesite ya Wits imawerengera Life Orientation koma ndi mapointi ochepa, ndipo imaonjezerako pa Chingerezi ndi Mathematics mwana akakhoza bwino. Ndiye taonani: mwana wopeza 74 pa History ali ndi mapointi 6, pamene mwana yemweyo atakakamizidwa Physical Sciences n'kupeza 44 ali ndi 3. Ana ambiri amataya malo ku yunivesite chifukwa chosenzetsedwa phunziro lomveka laulemu limene sakulitha.

Makomo ena amatsekekadi, ndipo ndi bwino kuwadziwa lero. Uinjiniya umafuna Mathematics ndi Physical Sciences. Udokotala umafuna Mathematics pamodzi ndi sayansi. Koma zamalamulo, utolankhani, uphunzitsi, social work, psychology ndi za ubale wa mayiko sizifuna Physical Sciences. Chimene chimatseka makomo ambiri mwakachetechete ndi Maths Literacy. Madigiri ambiri a zamalonda (BCom) amafuna Mathematics, ndipo mwana wokonda Geography amene angafune BSc ya zachilengedwe kapena kukonza mapulani a mizinda adzapeza kuti kumeneko akufunanso Mathematics. Ndi 52 ku Grade 9, ine ndikuti ayambe ndi Mathematics ngati sukulu ikulola, poti sukulu zina zimaika malire awo pa 50 kapena 60. Kutsika kuchoka ku Mathematics kupita ku Maths Literacy n'kotheka, koma kukwera kumakanika chifukwa algebra, trigonometry ndi geometry ya Grade 10 amakhala waiphonya. Lamulo limalola kusintha maphunziro osapitirira awiri ku Grade 10 teremu yachiwiri isanathe, awiri ku Grade 11 pasanafike 31 March, ndi limodzi lina pa zifukwa zapadera pasanafike 15 December chaka cha Grade 11. Akayesa miyezi isanu n'kuona kuti zakanika, njira yotsikira ilipo.

Tsopano 31 ya Afrikaans ija, imeneyo ndi ya changu kuposa fomu. Kuti mwana achoke Grade 9 amafunika 50% pa Home Language, 40% pa First Additional Language ndi 40% pa masamu. Koma pali lamulo la mwana wobwera kuchokera kunja, amene wayamba sukulu ya dziko lino ku Grade 7 kapena kupitirira apo. Akavomerezedwa ngati immigrant learner, ku Grade 9 amalembabe zilankhulo zonse ziwiri koma amafunika kukhoza chimodzi, ndipo kuyambira Grade 10 amaloledwa kulemba chilankhulo chimodzi chokha cha boma, chimene akuphunzirira, ndipo m'malo mwa chachiwiricho amatenga phunziro lina losankha. Mwana wanu anayambira Grade 8, ndiye akukwanira. Sizichitika zokha, makolo ayenera kupempha kudzera kwa ahedi.

Nabanda, Turffontein

A Phiri anena zoona za malamulo. Ine ndiyankhe za m'kati mwa History, chifukwa amene amati ndi phunziro lothawirako sanaonepo pepala la matric.

Ku Grade 9 mwana amaphunzira History ndi Geography pamodzi ngati Social Sciences, maola 3 pa sabata, ndipo woloweza bwino amakhoza. Ku Grade 10 kuloweza kokha sikufikitsa patali. Chakacho amayamba ndi dziko mmene linalili cha m'ma 1600, maufumu a Ming, Songhai ndi Mughal, kenako kufalikira kwa Azungu, kuukira kwa ku France kwa 1789, kusintha kwa kumwera kwa Africa pambuyo pa 1750, nkhondo ya 1899 mpaka 1902, ndi lamulo la malo la 1913. Grade 11 muli Russia ndi chikomyunizimu, America ndi chikapitolizimu, maganizo a kusankhana mitundu, ndi apartheid mpaka zaka za m'ma 1960. Grade 12 ndiyo imalembedwa pa matric: mapepala awiri, lililonse malikisi 150, maola 3. Loyamba muli Cold War ndi Vietnam, Congo ndi Angola pambuyo pa ufulu, ndi kumenyera ufulu kwa anthu akuda ku America. Lachiwiri ndi la dziko lino kwambiri: Black Consciousness (gulu la Steve Biko lolimbikitsa anthu akuda kudzidalira), chipwirikiti cha m'ma 1980, zokambirana kuyambira 1990 mpaka chisankho cha 27 April 1994, TRC (komishoni yofufuza nkhanza za nthawi ya apartheid), ndi kugwa kwa Soviet Union.

Pepala lililonse lili ndi mafunso 6, atatu a ma source, ndiye kuti zolemba ndi zithunzi zimene mwana amapatsidwa kuti aziunike, ndi atatu a chimangirizo, lililonse malikisi 50. Mwana amayankha atatu: limodzi la ma source, chimangirizo chimodzi, lachitatu asankhe yekha. Ola limodzi pa funso. Amene amadya ola ndi theka pa funso loyamba amasiya chimangirizo chopanda mathero, ndipo malikisi amathera pomwepo.

Funso la ma source limabwera ndi kabuku kapadera kokhala ndi zidutswa za zokamba za atsogoleri, nkhani za m'nyuzipepala, zithunzi ndi makatuni. Mafunso oyamba ndi ongotola mawu m'chidutswacho, ndipo pamenepo palibe chifukwa chotayira malikisi. Kumapeto kwa funso lililonse amalemba manambala monga 2 x 2, kutanthauza mfundo ziwiri, iliyonse malikisi awiri. Ana ambiri sayang'ana manambalawo, amalemba mfundo imodzi yaitali n'kupatsidwa theka. Pamene pamagwa ambiri ndi pa mafunso oti afotokoze ngati source ili yodalirika, yothandiza, kapena yoperewera pati. Kuyankha kuti "ndi yodalirika chifukwa ndi primary source" sikokwanira. Ayenera kuyang'ana timawu tating'ono tolembedwa pamwamba pa source: analemba ndani, chaka chanji, polembera yani, ndipo anali mbali iti. Chikalata cha nduna ya boma la apartheid chonena za 16 June 1976 ndi chothandiza posonyeza mmene boma linkaganizira, koma ndi choperewera chifukwa mawu a ana a sukulu a ku Soweto mulibe. Yankho lotere ndilo limalandira malikisi onse. Funso lomaliza ndi ndime ya mizere pafupifupi 8, malikisi 8, ndipo wokopera ziganizo za source mmene zilili amapatsidwa ochepa zedi. Ayenera kulemba m'mawu ake n'kuonetsa kuti mfundoyi yachokera mu source iti.

Chimangirizo ndicho mtima wa phunziroli. Funso silinena kuti "fotokozani za Steve Biko". Limapereka chiganizo, monga chakuti Black Consciousness inabwezera anthu akuda kudzidalira ndi kugwedeza boma m'zaka za m'ma 1970, kenako n'kufunsa kuti mukuvomereza mpaka pati. Mwana woloweza amayamba ndi "Biko anabadwa mu 1946", n'kuyala nkhani yonse mpaka imfa yake m'manja mwa apolisi pa 12 September 1977. Zonsezo ndi zoona, koma sanayankhe funso, ndipo ochonga amayang'ana zinthu ziwiri, zimene walemba ndi mmene wazigwiritsira ntchito poteteza mbali yake. Wophunzitsidwa bwino amanena mbali yake m'chiganizo choyamba penipeni. Ndime iliyonse imatsegula ndi mfundo, kuifotokoza, kuikira umboni, monga bungwe la ophunzira akuda la SASO, Black People's Convention ya 1972, chipatala cha Zanempilo, kapena ana a ku Soweto, kenako chiganizo chomaliza chobwerera ku funso. Aphunzitsi amaitchula njirayi kuti PEEL. Chiganizo chobwerera ku funso chija ndicho ana amaiwala, ndipo ndicho chimasiyanitsa 28 ndi 42 pa 50.

Choncho chizindikiro chenicheni pa lipoti la mwana wanu si 74 ya Social Sciences yokha, ndi 66 ya Chingerezi. Ndi yabwino poyambira, koma iyenera kukwera. Azilemba chimangirizo chimodzi pa sabata ziwiri zilizonse, ataika wotchi patebulo, mphindi 60 zikakwana cholembera pansi. Mapepala akale ndi mayankho ake ali ulere pa webusaiti ya Department of Basic Education. Ngati kulemba kukumuvutabe pofika Grade 12, asankhe mafunso awiri a ma source ndi chimangirizo chimodzi. Musaiwalenso kuti 25% ya malikisi a matric imachokera ku ntchito ya pa sukulu, kuphatikizapo kafukufuku amene amalemba yekha. Wopereka mochedwa kapena wokopera pa intaneti amalowa m'chipinda cha mayeso atataya kale gawo.

Ndinene chimodzi chimene chimandikhudza. Mwana wa Chimalawi amaganiza kuti iyi ndi mbiri ya eni dziko, iye ndi mlendo. Si choncho ayi. Nkhondo za nthawi ya Shaka zimene amaphunzira ku Grade 10 ndi zomwe zinathamangitsa Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi mu 1835, ndipo Angoni a ku Mzimba ndi a ku Ntcheu mizu yawo ili kuno. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali wa ku Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia. Azigogo athu a Wenela anakumba golide pansi pa mzinda uno, mpaka ndege inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha amalawi ambiri, Kamuzu n'kuimitsa kulemba anthu. Ku Newtown kuli Workers' Museum, kumene mwana angaone ndi maso ake mabedi a simenti a m'komboni mmene ankagona amuna obwera kudzagwira ntchito. Pamodzi ndi Constitution Hill, Apartheid Museum ndi Hector Pieterson Museum ku Orlando West, silabasi ya Grade 11 ndi 12 ili pa mtunda wa taxi imodzi kapena ziwiri kuchokera ku Rosettenville.

Jere, Kempton Park

Amayi, Geography ndi phunziro la miyendo iwiri, wina uli ku kulemba wina uli ku masamu ndi sayansi. Ana amene amalowamo poganiza kuti ndi kuloweza mayina a mitsinje ndi mapiri amadabwa teremu yoyamba yomwe.

Pa matric pali mapepala awiri a malikisi 150, maola 3 lililonse. Loyamba ndi nyengo, malikisi 60, kaumbidwe ka nthaka ndi mitsinje, 60, ndi mapu, 30. Lachiwiri ndi midzi ndi mizinda, 60, chuma cha South Africa, 60, ndi mapu, 30. Ndiye kuti malikisi 60 pa 300 ndi a mapu, ndipo awa ndiwo osavuta kuwapeza onse kwa woyeserera, komanso osavuta kuwataya onse.

Mwana amapatsidwa mapu awiri. Yoyamba ndi topographic ya 1:50 000, pamene sentimita imodzi ndi mamita 500 ndipo mizere ya contour, yosonyeza kukwera kwa malo, imasiyana ndi mamita 20. Yachiwiri ndi orthophoto ya 1:10 000, chithunzi chojambulidwa kuchokera m'mwamba, pamene sentimita imodzi ndi mamita 100 ndipo mizere imasiyana ndi mamita 5. Cholakwa choyamba ndi kuyeza pa orthophoto n'kuchulukitsa ndi 500. Njira yonse imakhala yolondola, yankho lolakwika kasanu.

Tengani gradient, kutsetsereka kwa malo. Malo A ali pa mamita 1 640, malo B pa 1 540, kusiyana kwake ndi 100. Pa mapu a 1:50 000 mwayeza masentimita 4, kuchulukitsa ndi 500 ndi mamita 2 000. Mutenga 100 ndi 2 000, zonse ziwiri kuzigawa ndi 100, yankho 1:20, kutanthauza kuti poyenda mamita 20 mwakwera mita imodzi. Ana amalakwitsa posiya nambala ina m'makilomita ina m'mamita, kapena polemba 0,05 m'malo mwa 1:20. Magnetic declination, kusiyana kwa kumpoto kumene kampasi imaloza ndi kumpoto kwenikweni (true north), nayo ili ndi msampha wake. Tinene kuti m'mphepete mwa mapu alemba 18°24' kumadzulo mu 2016, kusintha kwa pachaka 5' kumadzulo, ndipo funso likufuna ya 2024. Zaka 8 kuchulukitsa ndi 5' ndi 40'. Kuphatikiza kumapereka 18°64', koma digiri imodzi ili ndi maminitsi 60, osati 100, choncho yankho ndi 19°04' kumadzulo kwa true north. Wosiya 18°64' wataya, wosalemba mbali yake watayanso. Sitepe iliyonse ili ndi malikisi ake, ndiye azilemba njira yonse ngakhale akuitha pamtima. Zida zake ndi rula ya masentimita 30 yoonekera, protractor, pensulo yosongoka ndi kakyuleta wamba. Pensulo yobuntha yokha imasokoneza muyeso ndi milimita, ndipo pa mapu a 1:50 000 milimita imodzi ndi mamita 50.

Gawo la nyengo ndilo limagwetsa ambiri, chifukwa limafuna kumvetsa chifukwa chake, osati dzina lokha. Mwana ayenera kuwerenga synoptic chart, mapu a zanyengo, kudziwa kuti kuno kumwera kwa equator mphepo imazungulira low pressure motsata wotchi, kufotokoza chifukwa chimene Cape Town imalandira mvula m'nyengo yozizira pamene Gauteng kuli gwa. Pa anamondwe mwana wa kwathu ali ndi poyambira. Freddy amene anagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu March 2023 ndi tropical cyclone weniweni wa m'silabasi: amabadwira pa nyanja yofunda kuposa madigiri 26 kapena 27, amapeza mphamvu ku nthunzi, amafooka akalowa pamtunda koma amakhuthula mvula yoopsa. Mafunso a ndime a malikisi 8 amakonda kufunsa zimene boma ndi anthu angachite pochepetsa ngozi, ndipo amafuna mfundo 4 zofotokozedwa m'ziganizo zathunthu. Wongondandalika mawu awiriawiri salandira onse.

Mzinda uno wokha ndi buku. Johannesburg yakhala pa mtunda wa Witwatersrand, mamita pafupifupi 1 750, ndipo mtundawo ndi watershed. Mvula yogwa kumpoto kwake imalowa mu Jukskei, kupita ku Crocodile ndi Limpopo mpaka Indian Ocean. Yogwa kumwera, kwanu ku Rosettenville, imatsata Klip, Vaal ndi Orange mpaka Atlantic. Kuchoka kwa makampani m'tawuni kupita ku Sandton, nyumba zoonongeka za m'kati mwa mzinda, mikuku ya dothi la m'migodi, ogulitsa m'misewu, zonsezi ndi mitu ya pepala lachiwiri. Mwana wopenya pa windo la taxi ali kale m'kalasi.

Pa masamu ndili pamodzi ndi a Phiri. Masamu a mu Geography mwana wa Maths Literacy amawatha, koma ntchito zabwino zotuluka m'phunziroli, monga GIS (mapu a pa kompyuta), kuyeza malo ndi zanyengo, polowera pake amafunsa Mathematics. Geography ndi Life Sciences zimagwirizananso bwino pa nkhani za chilengedwe. Kusankha kwa mtsikanayu kuli ndi nzeru.

Mwale, Mayfair

Sindikutsutsa zimene anena anzangawa, koma achibale anu aja musawanyoze, mantha awo ali ndi pogwira. Digiri ya BA payokha siimutengera munthu ku ntchito mmene imachitira ya unamwino. Imafuna chowonjezera: satifiketi ya uphunzitsi ya chaka chimodzi (PGCE) ndi kulembetsa ku bungwe la aphunzitsi la SACE kuti akhale mphunzitsi, kapena digiri ya honours, kapena digiri ya zamalamulo (LLB). Ndipo mwana wa pasipoti ya Malawi ali ndi zopinga zimene mnzake wa m'kalasi alibe. Thandizo la boma la fizi la NSFAS salandira ngati si nzika kapena permanent resident, ndipo basale ya Funza Lushaka ya ophunzira uphunzitsi ndi ya nzika. Pa zamalamulo pali chachikulu: lamulo la dziko lino limalola nzika ndi ma permanent resident okha kulembedwa ngati maloya, ndipo Constitutional Court inagwirizana nalo mu 2022. Mwana angathe kumaliza LLB kuno n'kulephera kuimirira m'khoti. Ngati maloto ake ndi uloya, nkhani ya mapepala iyambike lero, apo ayi aganizire zokaphunzira zamalamulo ku University of Malawi ku Zomba.

Za kubwerera kumudzi. Powerenga zaka, Grade 9 ndi Form 1, Grade 12 ndi Form 4, koma chaka cha sukulu kuno chimayamba January pamene kwathu chimayamba September, ndiye wosamuka amataya miyezi kapena kubwereza kalasi. Ku MSCE kulibe Maths Literacy, chimenechi ndi chifukwa china chomvera a Phiri. Geography imasamuka bwino, mapu ake ndi a 1:50 000 omwewo, kungoti kwathu amagwiritsa ntchito kwambiri grid reference ya manambala 4 ndi 6 pamene kuno amafuna madigiri, maminitsi ndi masekondi. History ndiyo imasiyana: MANEB idzamufunsa za Maravi, Ayao ndi malonda a akapolo, amishoni, John Chilembwe mu 1915, chitaganya cha 1953 mpaka 1963 ndi ufulu wa 1964, zimene kuno sanaziphunzire. Bible Knowledge kuno kulibe. Chilipo ndi Religion Studies, imene imayang'ana zipembedzo zosiyanasiyana ndipo ndi sukulu zochepa zimene zimaphunzitsa. Mayunivesite a boma kwathu amafuna ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi, kusankha kumadzera ku NCHE.

Langizo langa ndi lakuti akayamba Grade 10 kuno, amalize matric kuno. Ngati kusamuka n'kosapeweka, asamuke asanalowe Form 3, chifukwa mayeso a MSCE amachokera mu Form 3 ndi Form 4. Kusamutsa mwana ali Grade 11 ndiko kumamuononga kwambiri, amakhala wosamaliza uku, wosayamba uko. Dziwaninso kuti MSCE yokha nthawi zambiri siikwanira kulowera digiri kuno, pamene matric yabwino angafunsire nayo malo mbali zonse ziwiri.

Nachisale, Rosettenville

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Takambirana, wavomera kuyamba ndi Mathematics, History ndi Geography zikhala mmene analembera. A Phiri, za immigrant learner zija ndipite ndi chiyani kwa ahedi? Ndipo akasiya Afrikaans atenge phunziro liti?

Phiri, Braamfontein

Tengani pasipoti ya mwana yoonetsa chidindo cholowera, permit yake, chikalata chobadwira, malipoti a sukulu ya kumudzi ndi kalata yosamukira, komanso lipoti lake loyamba la Grade 8 losonyeza kuti kuno anayambira pamenepo. Pangani mafotokope n'kuwadinditsa ku polisi, zenizenizo zikhale ndi inu. Sukulu ndiyo imadzaza fomu n'kutumiza ku district. Pemphani kope la fomu yodindidwa tsiku, ndipo yankho likabwera sungani kalatayo, idzafunikanso polembetsa mayeso a Grade 12. Mwana asasiye kulowa m'kalasi la Afrikaans akadali ku Grade 9, ngakhale kalata itafika, chifukwa akasiya lipoti lidzaonetsa kuti sanalembe. Pitani sabata ino, kuti chilolezo chigwire ntchito pa zotsatira za Grade 9.

Pa phunziro lolowa m'malo, Chichewa sichili pa mndandanda wa zilankhulo za matric, ndiye chimenecho chichotseni m'maganizo. Asankhe pakati pa amene sukuluyo imaphunzitsa kale, monga Economics, Business Studies kapena Tourism. Economics imayenda bwino ndi Geography ndi Mathematics, koma pamodzi ndi History ndi Life Sciences kuwerenga kumachuluka, ndiye ayese mphamvu zake. Funso lofunika kufunsa ahedi ndi la timetable: pa ola limene anzake ali ku Afrikaans, iye adzakhala m'kalasi liti, ndi mphunzitsi uti? Sukulu zina zimavomera pa pepala koma mwana n'kumakhala yekha mu laibulale ndi buku. Yankho likakhala losamveka, pemphani kuti alowe m'kalasi la phunzirolo ndi gulu lina la Grade 10, ndipo zimenezo zilembedwe pa fomu musanasayine.